Chitsononkho Chomwe Chinatsala Pang'ono Kuthetsa Ukwati

Ndinanyamuka ku Limbe Lachisanu masana pa galimoto ya malume, ija anabwera nayo kuchokera ku America, ya chiwongolero cha kumanzere. Anandipatsa makiyi nkhope ili gwa. Ntchito yanga inali imodzi: kukagona kwa Ndunde, m'mawa kutenga Esinala, mkwatibwi wa mng'ono wanga, n'kukamutula kutchalitchi ku Mbombwe.

Nditasiya msewu wa tala, fumbi linandilandira. Anthu m'njira ankatsegula pakamwa poona galimoto ikuyenda mbali ya dalaivala kulibe munthu. Mayi wina wogulitsa mbatata yootcha anasuzumira kawiri asanandipatse mbatatayo.

Kwa Ndunde anandilandira ndi thobwa. Galimoto sinapume: kukatenga mabenchi, kukatenga nkhuni, kukatenganso agogo ena odwala miyendo. Bambo ake a Esinala, a Makwinja, ankangoizungulira akuisisita.

M'mawa tinaimanga maliboni. Esinala anakhala kumbuyo ndi azakhali ake, a Namaona, amene ukwatiwu sankaufuna kuyambira kale. Ena onse ankatitsatira pa lole. Titangodutsa chipatala, kanyali kachikasu kanayaka patsogolo panga, kooneka ngati kampopi.

Ndinaima. Ndinazimitsa, n'kulizanso. Kanyali kali pomwepo. Injini ikulira bwinobwino, madzi alimo, oyilo alimo. Nanga chavuta n'chiyani? Ine kaya.

"Chayakacho n'chiyani, bambo?" anafunsa a Namaona.

"Sindikudziwa, mayi."

"Simukudziwa? Malodza amenewo! Ndinanena ine. Mwana wathu sapita kulikonse nyali ikuyaka."

Kutchalitchi mng'ono wanga ali chidikirire mu suti yobwereka, kuno ine ndili ndi galimoto ya eni, ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Wa kabaza wina anati pamsika pali makaniko, a Sumani. Ndinamupatsa twente kwacha akawatenge.

A Sumani anafika ndi sipanala imodzi m'thumba. Makina oyezera analibe. Anagogoda apa, anakoka waya apo, kenako anakanda mutu.

"Achimwene, nanenso yandizunguza. Koma imani kaye. Mukumva fungo?"

Anayamba kununkhiza, kuchokera ku injini, akupapasa timapaipi ta mphira kuti aone ngati tang'aluka. Analowa pansi, anatuluka ali mbuu, akununkhizabe mpaka kumbuyo. Atatsegula kachitseko kothirira petulo, tonse tinati kakasi. Chitsekerero panalibe. Panali chitsononkho cha chimanga, chokulunga mu jumbo.

"Ndi ichi," anatero. "Galimoto za kunjazi sizifuna kuti mpweya wa petulo uzithawa. Umayenera kudutsa m'kapaipi kupita m'kabokosi ka makala, injini n'kuuwotcha. Pakakhala kampata, imadandaula ndi nyali."

Galimoto yokhala ndi makala m'kati? Pamenepo mutu wanga unaima. Komanso chitsononkho chalowa bwanji?

Lole inatipeza tili chiimire. A Makwinja anatsika, anaona chitsononkhocho, nkhope inagwa. Pang'onopang'ono anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chitsekerero.

"Ndinapopako petulo pang'ono dzulo, wa jenereta ya zoimbira," anatero chapansipansi. "Potseka ndinamva kha! kha! kha! Ndinati ndathyola chinthu cha eni. Ndiye ndinatseka mmene timatsekera zigubu."

"Bambo, kulira kumeneko ndiye kuti yatseka," anatero a Sumani. Anayang'ana kamphira ka chitsekererocho, anakapukuta, anapotokola mpaka kha! kha! kha!

Ndinaliza galimoto. Kanyali kanayakanso.

"Mwaona?" anakuwa a Namaona.

"Sikazima lero," anatero a Sumani. "Kamadikira galimoto iyende maulendo angapo, idzitsimikizire yokha."

"Ndiye tidikira kazime."

Ndinafuna kulira, zoonadi. Vuto lakonzedwa, nyali ikuyakabe, dzuwa likukwera. Apo Esinala, amene sanayankhulepo chinyamukire monga amachitira mkwatibwi, anatukula nsalu ya kumaso. Anamatula kaselotepi ka maliboni, anathothola duwa limodzi pa maluwa ake, anawerama kuchokera kumbuyo n'kulimata pa kanyali kaja.

"Azakhali, kazima," anatero. "Alamu, tiyeni."

Ine sindinadikire.

Tinafika ku Mbombwe kwaya itabwereza nyimbo zonse imene inkadziwa. Mng'ono wanga anali thukuta kamukamu, koma ukwati unamangidwa.

Za kabokosi ka makala sindizimvetsa mpaka lero. Ndinangophunzira kupotokola chitsekerero mpaka chilire. Pobweza galimoto kwa malume ndinamatula duwa lija. Kanyali kanali katazima kale, sindikudziwa kuti liti. Duwalo ndinakawapatsa a Namaona pamene Esinala anabereka mwana woyamba. Azakhaliwo anali atamufungata mwanayo, osalola wina aliyense kumugwira.