Zipinda Zitatu za Lendi, Pamwamba Pano

Pa wailesi ina ya m'tauni ankangowatchula kuti Amalonda. Ntchito yawo inali yoyenda sitolo ndi sitolo, kunyengerera anthu kuti alengeze katundu wawo pa wailesi. Mayi amenewa kukhala pansi sankakudziwa. Ngakhale kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, mwendo ukugwedera, maso ali pa aliyense wooneka kuti ali ndi bizinesi.

Kale zinkayenda. Koma anthu atazolowera mafoni, eni masitolo anayamba mwano. "Mayi, ine ndimangojambula katundu n'kuponya pa foni. Wailesi akumvera ndani masiku ano?"

"Anthu akumvera, achimwene! Tayesani sabata imodzi yokha muone."

Amene ankayesawo ankalipira ndi katundu. Wina zitini za penti, wina nkhuku zamoyo, wina nsapato zokanika kugulika. Mwezi ukatha antchito ankagawana zimenezo pakhonde, ndipo wowerenga nkhani anachoka tsiku lina atasenza matiresi, osabweranso. Amalonda zinkawapweteka kwambiri, tulo osabwera.

"Amake mwana, mwatha thupi lonse," mwamuna wawo ankadandaula. "Bwanji osangogulitsa zovala pamsika?"

Iwo ankangovala nsapato n'kutuluka, tiyi osamaliza.

Kenako bwana wa wailesi anawaitana. "Pezani munthu mmodzi wolipira ndalama zenizeni, osati nkhuku. Apo ayi, tikutseka."

Anazungulira tauni yonse mpaka zidendene kung'ambika. Kwa okhoma mabokosi a maliro anafikako. Kwa ogulitsa mankhwala a makoswe anafikako. Onse ankangopukusa mutu. Pobwerera anapeza mwini nyumba imene munali wailesiyo atakhala pa masitepe, akudzipepesa mphepo ndi chipewa.

"Amalonda, ndimadikira inuyo," anatero bamboyo. "Ndili ndi uthenga woti uzimveka ola lililonse, sabata yonse. Ndilipira pompano."

Mayi aja anatsala pang'ono kugwada ndi chimwemwe. "Mulungu akudalitseni! Mukugulitsa chiyani, bambo?"

"Zipinda zitatu za lendi, pamwamba pano. Zipezeka mwezi ukatha. Bwana wanu ndamuuza kale m'mawa."

Amalonda anazindikira kuti zipindazo zinali za wailesi yomweyo. Koma chiyambire ntchito anali asanakanepo malonda a munthu, ndipo dzanja linangolandira lokha. Anakwera masitepe ndalama zili m'manja.

Woulutsa mawu atamva anavula zomvera kumakutu n'kuziponya patebulo. "Ine ndilengeze maliro anga omwe? Werengani nokha, mayi."

Basi Amalonda anakhala pampando wa woulutsayo. Anayandikira maikolofoni n'kulengeza bwinobwino monga mwini uthenga anafunira: zipinda zitatu, madzi ndi magetsi zilipo, chimodzi phokoso la panja sililowa, ofuna aimbe foni ku wailesi konkuno.

Asanadzuke n'komwe, foni ya patebulo inalira. Inali itakhala miyezi osalira, moti pamwamba pake ankaikapo makapu. Anaimba wometa tsitsi. Atangodula, anaimba mphunzitsi wofuna potsegulira sukulu ya mkaka. Amalonda analakalaka eni masitolo onse aja akanakhala pomwepo kuti aone okha, ndipo misozi inalengeza m'maso ndi ukali.

Foni inaliranso. Anali mayi wina, akupuma mofulumira ngati wathamanga.

"Ndamva pa wailesi pompano. Chipinda chopanda phokosocho, makina osokera anayi angakwane?"

Amalonda anayang'ana khoma ili ndi linalo m'chipinda choulutsira mawucho, akuyeza ndi maso.

"Akwana, mayi," anayankha. "Tikangotulutsa tebuloli, akwana."