Maindiketa a Bambo Steinkamp

Ku Dalkenrode kulibe mwini galimoto amene sanapezepo kapepala ka bambo Ortwin Steinkamp pansi pa waipa ya galasi lakutsogolo. Ntchito yawo kuyambira unyamata inali imeneyo: kuzungulira m'misewu ya tauni yathu atavala chipewa cha khonsolo, kusuzumira matayala a eni ake, ndi kulemba chindapusa. Tayala likangokhudza mzere woyera, iwo ankagwada n'kuyeza. Analembapo wansembe ali kumanda. Analembapo mzamba. Analembanso akazi awo a Hiltrud pakhomo la sitolo ya buledi, ndipo madzulo ake anadya bwinobwino, n'kupempha mbatata zowonjezera.

"Ine sindilemba munthu," ankatero. "Ndimalemba tayala."

Kunena zoona, sanali oipa mtima. Chiphuphu sanalandirepo, ngakhale soseji imodzi. Koma anthu sakonda munthu chifukwa choti sanalakwepo. Chaka ndi chaka pa chikondwerero cha owombera, pamene amuna onse amavala majekete obiriwira n'kuwombera mbalame yosema kuti wogwetsa chidutswa chomaliza akhale mfumu ya chaka, a Steinkamp ankamwa mowa wawo pa benchi lalitali m'chitenti, uku ndi uku kuli mpata woti munthu n'kugonapo. Ankaonetsa ngati sizikuwakhudza, koma zinkawapweteka kwambiri.

Atapuma pa ntchito anachita chinthu chimene chinatiimitsa mitu tonse. Anaitanitsa galimoto yakale kuchokera ku Amereka, ya 1973, ya denga lansalu lopinda, yaitali moti khoma la galaja linachita kusunthidwa. Akuti anaiona pa kalendala ali mnyamata ndipo sinawachoke m'mutu. Mwini wake woyamba anali mayi wina wa kudera louma amene ankangopita nayo kutchalitchi. Palibe chimene chinasinthidwa, ngakhale waya mmodzi, ndipo a Steinkamp ankanena zimenezi motsitsa mawu ngati akupemphera.

Anthu anayamba kuima pa geti. Amuna omwe aja ankawoloka msewu akawaona, tsopano ankalowa pabwalo manja ali kumbuyo, n'kumazungulira galimotoyo akupukusa mitu. Tsiku lina kunabwera a Berthold Niggemeier, wapampando wa gulu la owombera, mimba patsogolo.

"Achimwene Ortwin, chimenechi si galimoto, ndi nyumba! Tamverani. Lamlungu la chikondwerero mutinyamulire mfumu pa perete. Mfumu ndi a Potthoff a kubutchala aja. Mukhala patsogolo penipeni, kumbuyo kwa bandi."

Mawu oti achimwene aja a Steinkamp anagona nawo, nadzuka nawo. Chiyambire palibe amene anawatchulapo choncho, ndipo palibe amene anawapemphapo kanthu kupatula kuwapempha kuti achoke. Chotsala chinali chimodzi: galimoto ikayezedwe, ilandire nambala.

Kumalo oyezera anapeza mayi wa ovololo, tochi m'manja. Mayiyo analowa kunsi, natuluka, naima kumbuyo kwa galimoto.

"Tapondani mabuleki."

Nyali zinayaka, zofiira.

"Tayatsani indiketa."

Nyali yomwe ija inayamba kuphethira, yofiirabe.

"Ndiye pamenepa palibe," anatero mayiyo. "Kwawoko babu limodzi limagwira ntchito ziwiri, kuno ayi. Indiketa yakumbuyo ikhale yachikasu, payokha. Inu mukudziwa zimenezi kuposa ine."

"Mayi, galimotoyi inabadwa choncho."

"Ibadwenso." Anazimitsa tochi. "Simukundikumbuka eti? Munandilemba pa tsiku la ukwati wanga."

"Ndikukumbuka. Tayala lakumanzere."

Anabwerera kunyumba atagwa mphwayi, galimoto ili pamsana pa lole. Kwa nthawi yoyamba lamulo linawayang'ana kuchokera kutsidya lina la tebulo, ndipo anaona kuti silimwetulira.

Nkhani inafika kubutchala iwo asanafike kwawo. Mawa lake masana a Niggemeier ndi a Potthoff anatulukira m'galaja atanyamula kireti ya mowa, ena angapo akutsatira.

"Musadule kanthu, amwene," anatero a Potthoff akutsekula botolo ndi laitala. "Timagula tinyali tomata, timamata, tikayezetsa, tikafika kunyumba timamatula. Basi."

"Kapena kaswichi pansi pa mpando," anawonjezera a Niggemeier. "Mukakankhira uku, chikasu cha aboma. Mukakankhira uku, kufiira kwanu. Tonse timatero."

"Tonse?"

"Aaa, inu! Njinga yanga yamoto ili ndi mapaipi a utsi awiri, ina yoyezetsa, ina yokwera."

Apa ndiye pakamwa panatseguka. Wina anaulula za matayala a mlamu wake amene amabwerekedwa tauni yonse pa tsiku loyezetsa. Wina anati ngolo yake ilibe mapepala chifere agogo ake. Ankaseka, akumenyana pamsana, ndipo dzanja lina linagwera paphewa pa a Steinkamp n'kukhalapo. Iwo anazindikira chimene chinkachitika. Anthuwa sankangowaphunzitsa za nyali ayi. Ankawatsekulira chitseko, pakuti kuno munthu amakhala mnzako weniweni ukadziwa kachinyengo kake iyenso akadziwa kako.

Alendo atapita, a Hiltrud analankhula akutolera mabotolo. "Abambo, talakwaniko kamodzi kokha. Muone mmene anthu amakomera."

A Steinkamp anapitadi kukagula kaswichi. Kanakhala pa tebulo la m'galaja sabata yathunthu, iwo akukayang'ana ngati kangawalume. Loweruka anakabweza kusitolo, nagula mawaya, pulayala yatsopano ndi nyali ziwiri zachikasu za ngolo, zokhala ndi chidindo cha boma. Anadikira kuti nthawi yopuma ya masana ithe, pakuti kubowola anthu akugona n'kulakwa, kenako anagona chagada pansi pa chiwongolero.

Waya wa mabuleki ankadutsa pa ndodo ya indiketa, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kuudula. Anaugwira nthawi yaitali pakati pa zala. Unali wosalala, wosakhudzidwa chichokere kufakitale. Pulayala itati khetu, a Steinkamp anamva ngati adzidula okha. Anapatsa mabuleki njira yawoyawo, nakoka mawaya atsopano kuchokera ku maindiketa akutsogolo, pansi pa kapeti, mpaka m'buti. Pomaliza anatenga chobowolera n'kuboola chitsulo pamwamba pa bampala, uku ndi uku. A Hiltrud atabweretsa khofi anawapeza akupukuta m'maso, iwo n'kunamizira fumbi.

Nyalizo zinakhala ngati zithupsa pa nkhope ya mkwatibwi. Koma zinkaphethira chikasu, ndipo mayi wa ovololo uja anadinda mapepala.

A Niggemeier ataona anagwira pakamwa. "Mwaipundula, achimwene! Koma chabwino, mfumu sikhala kumbuyo kwa bampala. Lamlungu musachedwe."

Sanachedwe. Anafika pabwalo la tchalitchi mabelu asanalire, denga lopinda, galimoto ikuwala, iwo atavala jekete lobiriwira limene a Hiltrud analisita kawiri. Anthu anawomba m'manja. Ana ankathamangira kudzaona nkhope zawo pa chitseko. Ndinene mosabisa, sindinaonepo munthu wosangalala ngati a Steinkamp m'mawa umenewo.

Bandi itakonzeka, mfumu inatulukira ndi unyolo wa mamendulo pachifuwa, mfumukazi ili pambali ndi diresi lodzaza khomo. Analowa kumbuyo, koma sanakhale pa mpando. Anakwera pamwamba pa denga lopinda lija, mapazi pa mpando, kuti aziwabayibitsa bwino anthu. Pamapazi pawo panadzipanikiza amayi atatu operekeza mfumukazi. Kutsogolo kunalowa apongozi a mfumu ndi ndodo yawo, kenako a Niggemeier anadzikankhira pomwepo ndi botolo m'manja.

Injini inkalira. A Steinkamp anayang'ana pagalasi, milomo ikugwedezeka. Ankawerenga.

"Mapepala akuti anthu asanu, ine ndemwe," anatero. "Ndipo pamwambapo sipokhala."

Onse anaseka, poganiza kuti bambowa aphunzira nthabwala.

"Tiyeni, amwene, tikuyenda ngati nkhono!" inafuula mfumu. "Wapolisi ndi uyo akuliza lipenga mu bandi. Akuyang'ana kutsogolo!"

"Atsike atatu, mfumu ikhale pansi."

"Nditsitse ndani? Apongozi? Mukufuna ndikagone kubutchala?"

"Ortwin," a Niggemeier anatsitsa mawu, "ndi ulendo wochoka pano kufika kuchitenti. Lero lokha. Anthu onsewa akukuyang'anani, achimwene."

Ankawayang'anadi, ndipo ambiri akumwetulira. A Hiltrud anaima pafupi ndi chitseko atagwira chikwama ndi manja awiri, maso awo akupempha. A Steinkamp ankafuna. Ankafuna ndi mtima wonse, moti dzanja linafika pa giya, phazi linayamba kuchoka pa mabuleki, galimoto n'kusuntha pang'ono. Koma dzanja lija linachoka lokha pa giya, linapita pa kiyi, n'kupotoza.

Injini inazima.

Mfumu inatsika yoyamba, mamendulo akulira, n'kuthandiza mfumukazi ndi diresi lake. "Ife timayenda tonse kapena sitiyenda," inatero. Ena onse anatsatira. A Niggemeier anatseka chitseko mwaulemu, ulemu uja wopweteka kuposa chipongwe.

"Zikomo, bambo Steinkamp."

Sipanatenge nthawi, mlimi wina anabwera ndi thirakitala yake ikukoka ngolo ya udzu. Ngoloyo inalibe nyali ngakhale imodzi, mawaya ake anadyedwa ndi makoswe kalekale. Anayalapo nsalu ya patebulo, mfumu ndi anthu ake onse anakwera, ena mpaka kulendewera m'mbali. Wapolisi anakweza lipenga, ng'oma inagunda, perete ananyamuka anthu akukuwa ndi chisangalalo.

A Steinkamp anadikira mpaka womaliza atadutsa. A Hiltrud anazungulira, natsekula chitseko, nakhala pa mpando waukulu wakutsogolo, chikwama pamiyendo. Amuna awo analiza injini n'kutsatira perete chapatali, kumbuyo kwa bambo wosesa ndowe za akavalo.

Pa mphambano ya kuchigayo chakale, pomwe msewu umakhotera kuchitenti, a Steinkamp anakankha ndodo ya indiketa nthawi ikadalipo, monga mwa lamulo. Kumbuyo nyali yachikasu inayamba kuphethira bwinobwino, yowala, yosalakwitsa. A Hiltrud anatembenuka n'kuyang'ana msewu wonse mpaka kutchalitchi.

"Mukuyatsira ndani, abambo? Kumbuyoku kulibe munthu."

A Steinkamp anakhota pang'onopang'ono, maso ali pa ngolo ija ikutalikira.