Dziko Lakutali ndi Ukwati wa Amayi

Ku Namwera mwezi wa Juni kumazizira mosanyengerera. Ndikukumbukira mmawa wina wotero, ndili mu Sitandade 6, titakhala pasimenti m'kalasi, miyendo ili mbuu, manja titapisa m'khwapa. Aphunzitsi athu, a Mbewe, analowa atanyamula nyuzipepala yothimbirira mafuta, yooneka kuti inayamba yakulungapo zitumbuwa. Anali munthu wowonda, wokonda wailesi kuposa chakudya, ndipo nkhani ikawakomera ankaiwala kuti nthawiyo ndi ya masamu. Ifenso sitinali opusa kuti tiwakumbutse.

Tsikulo anatiuza kuti akatswiri a zakuthambo apeza dziko lina, lozungulira dzuwa lakelake. Anadontheza choko pabolodi n'kuzunguliza mzere. Anati dzikolo silinayandikire kwambiri dzuwa lake kuti lipse, komanso silinatalikire kwambiri kuti liume ndi chisanu, choncho mwina kuli madzi, ndipo kumene kuli madzi mwina kuli zamoyo. Kalasi yonse inadzuka. Wina anafunsa ngati kumeneko kuli usipa, wina ngati anthu ake amasala Ramadani, ndipo mnyamata wina wakumbuyo anafuna kudziwa ngati aphunzitsi akumeneko amakwapulanso ochedwa. Ine sindinaseke nawo. Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti ngati kuli anthu, bwanji sanatiyankhulepo?

"N'kutali, Asiyatu," anatero a Mbewe. "Atatumiza uthenga lero, wothamanga ngati kuwala, ungatipeze patapita zaka makumi awiri. Kukhala chete sikutanthauza kuti kulibe munthu. Mwina uthengawo uli m'njira."

Iwo ankanena za kuthambo, koma mtima wanga unathamangira kwa bambo anga.

Bambo anapita ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, monga amachitira amuna ambiri a kwathu. Chaka choyamba anatumiza bulangete ndi njinga. Chachiwiri kunabwera kalata imodzi. Kenako zii, zaka zinayi zathunthu. Anzawo ankabwera pa Idi atavala nsapato zowala, ndipo amayi akawafunsa ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti Joni ndi wamkulu. Pamjigo azimayi ankati bambo anatchona. Mtsikana wina atanena mawu amenewo pamaso panga ndinamung'ambira diresi, ndipo chilango chake ndinachilandira mokondwa.

Nthawi imeneyo n'kuti patatulukira Che Jafali. Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo akazi awo anali atamwalira. Anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Yunifolomu yanga itafupika anaimasula m'munsi n'kuisokanso mwaluso moti palibe anadziwa kuti ndi yakale. Sindinawathokoze. Ndinkadana ndi phokoso la makina awo, ndinkadana ndi kachingwe koyezera kamene kankalendewera m'khosi mwawo, ndipo koposa zonse ndinkadana ndi zimene ndinkaona pa amayi. Tsiku la msika ankadzola mafuta mpaka kumapazi. Posesa pabwalo anayamba kung'ung'udza nyimbo. Lero ndikudziwa kuti chimenecho chinali chisangalalo, koma nthawi imeneyo ndinkachiona ngati kuba.

Ndiye mawu a a Mbewe ndinawanyamula ngati mankhwala. Ndinkawabwereza popita kumjigo, pobwera kumadrasa, ngakhale potsuka mbale. Ndinawerengera kuti ngati dziko lakuthambo likuloledwa kukhala chete zaka makumi awiri, zaka zinayi za bambo si kanthu.

Mwezi wa Ogasiti, nandolo atauma m'munda, amalume anga a Yusufu anaitanitsa ankhoswe a kwa bambo. Cholinga chinali chakuti agwirizane, kenako apite kwa shehe kukathetsa ukwati, kuti amayi akhale omasuka kukwatiwa ndi Che Jafali. Linali Loweruka masana. Anayala mphasa ziwiri pamthunzi wa nyumba, amuna uku, amayi ndi azakhali uko. Ine ananditumiza kuseri kwa nkhokwe kukamenya nandolo, koma ndodo ndinkaigwetsa mwapang'onopang'ono kuti ndizimva. Mphepo inkabweretsa mawu limodzi ndi fumbi. Ndinamva ankhoswe a kwa bambo akuvomera kuti mwana wawo walakwa, ndipo alibe chokanira. Ndinamva amalume akunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pakati pa mphasa ziwirizo. Sindinagwade, sindinaodire. Ndinaima mankhusu a nandolo ali m'mutu, n'kuyamba kuphunzitsa akuluakulu sayansi. Ndinawauza za dziko lamadzi, za kuwala, za zaka makumi awiri. Ndinati kukhala chete sikutanthauza kuti kulibe munthu, ndipo uthenga wa bambo uli m'njira.

"Iwe Asiyatu," anatero amalume, "kodi Joni ali kumwamba? Basi imapita Lachiwiri n'kubwera sabata inayo. Tachoka apa."

Anthu anaseka, ngakhale ankhoswe amene anabwera ndi nkhope zamaliro. Kusekako n'kumene kunandithyola. Ndinalira mokweza, mamina ndi misozi pamodzi, ndipo ndinatembenukira kwa amayi.

"Amayi, nanga akabwera adzapeza ndani?"

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Anali atavala chitenje chatsopano chamaluwa achikasu, ndipo ndinaona zala zawo zikupotokola nsonga yake. Kenako anayang'ana pansi.

"Achimwene," anauza amalume, "tidikire kaye."

"Mpaka liti, achemwali?"

Amalume anakalipa, azakhali ananyengerera, koma amayi sanasinthe mawu awo mpaka anthu anapinda mphasa. Ine ndinabwerera ku nandolo wanga mtima uli mbee, ndikudziona ngati ndapulumutsa banja. Lolemba ndinafuna kukauza a Mbewe kuti sayansi yawo yagwira ntchito, koma manyazi anandigwira.

Che Jafali anadikira chaka chimodzi. Ankandipatsabe moni ndikamadutsa pamsika, ine n'kumayang'ana kumbali. Kenako anakwatira mayi wina wa ku Katuli n'kusamukira komweko ndi makina awo. Amayi anasiya kung'ung'udza nyimbo. Ankalima okha, kufolera nyumba ankachita kupempha amalume, ndipo dzinja lina khoma la kukhitchini litagwa analiumba okha ndi manja. Ine ndinkaona zonsezi, koma ndinkati ndi mtengo wa kudikira.

Uthenga unafikadi, ndili Fomu 4. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, atabwera kuchokera ku Joni, anationetsa chithunzi pafoni yake. Bambo anali ataima pakhomo la kagolosale, mimba ili patsogolo, pambali pawo mayi wina ndi ana atatu. Wamkulu mwa anawo ankaoneka wa zaka ngati khumi. M'thumba la malaya awo munkaonekera foni. Amayi anayandikiza foni ya mnyamatayo kumaso, n'kunena kuti, "Anenepa." Anabweza foniyo ndi manja awiri, n'kumufunsa mnyamatayo ngati angamwe thobwa.

Panapita zaka ndisanalimbe mtima kuwafunsa. Ndinali nditayamba kale ntchito ku Mangochi boma, ndipo ndinapita kukawaona. Tikusankha mpunga pakhonde ndinawafunsa ngati tsiku lija anakhulupiriradi za dziko lakuthambo. Anaseka pang'ono, osakweza mutu.

"Za nyenyezi zakozo ine sindinamvepo kanthu, mwanangu. Za mkazi winayo ndinali nditazimva kalekale, amalume akonso ankadziwa. Ine sindinkadikira bambo ako. Ndinkadikira iweyo kuti usiye kudikira."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sumulanda bambo ake kawiri. Anapitiriza kutola timiyala mumpungamo, ndipo ine sindinathenso kuona bwino chimene ndinkasankha.

Masiku ano zinthu zinasintha. Maiko ngati lija la a Mbewe akuti apezeka ambirimbiri, ndipo nkhani zake zimandipeza pafoni ndili pa kabaza popita kuntchito. Akatswiri akutcherabe khutu kuthambo, ndipo ndimawamvera chisoni ngati abale anga. Mwina kulidi zamoyo kumeneko, sindikutsutsa. Koma pansi pano mtunda unatha. Mwana wa ku Namwera akalembera bambo ake ku Joni, foni imamuonetsa pomwepo kuti uthenga wafika ndiponso kuti wawerengedwa. Akapanda kuyankhidwa amadziwa tsiku lomwelo chimene ine chinanditengera zaka khumi. Sindikudziwa ngati zimenezi zili bwino kwa mwanayo, koma ndikudziwa kuti zikanawapulumutsa amayi anga.

Iwo akadali ku Namwera, m'nyumba yomwe ija, okha. Mawondo anayamba kuvuta, ndipo ndikawapempha kuti adzakhale nane ku boma amakana, amati kunyanja kumatentha. Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenechi n'chimene chimandipweteka kwambiri. Tsiku limene ndinaima pakati pa mphasa zija, amayi anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Chaka chamawa ine ndikwanitsa zomwezo, ndipo ndi pano pamene ndikuzindikira kuti anali mtsikana.