Ng'oma ya Ba Dyton Inabwera Yokha

Uthenga unafika ku Chawama Lachiwiri m'mawa, ba Felistus bali pa pompi. Kondakitala wa basi ya ku Chipata ndiye anabauza: "Bamai, tulani chigubu. Bamuna banu bagwa ku Mchinji, ng'oma ili pakati pa miyendo. Sibanauke."

Ba Dyton, balamu bathu, banabadwira muno mu komboni. Batate bawo banachoka ku Malawi kudzafuna nchito, bamai bawo ni ba ku Katete. Banali kusoka masaka pa kampani ya boma. Kampani itagulitsidwa banauzidwa kuti kapumuleni, chinatsala ni ng'oma. Pa ukwati, pa chinamwali, olo pa bala, Chawama inali kuvina na dzanja lawo.

Ndiye kunabwera ba komiti ba masuti, ati Chipata na Mchinji ni mapasa, tipange chikondwerero pa boda. Ba Dyton banabakweza pa lole. Banabaimika pa mzere wa boda, mwendo uku mwendo uku, padzuwa tsiku lonse: "Onani mwana wa maiko awiri!" Manja wawawa. Madzi akumwa, palibe anakumbuka. Mawa lake ku Mchinji ndiye banagwa.

Ba Felistus banafika kumeneko lole ili kupakira.

"Ba tcheyamani, tinyamule bamuna banga, bana bali kuyembekeza."

"Bamai, mu lole muli mipando na masipika. Nanga si ba ku Malawi aba? Bafika kwawo."

Ba Felistus banapita kwa babululu, abale ba batate ba ba Dyton.

"Iyayi mlamu, mwana ni wa kuchikazi. Bakagone ku Katete."

Ku Katete bamalume banatha kale. Mapasa a chani? Mapasa a pa maikolofoni!

Bazimai bogulitsa vitenje pa msika ndibo banapereka nsalu, mpingo wa ku Mchinji konko unakumba manda. Ba Felistus banabwera pa basi, ng'oma ili pa miyendo.

Maliro sitinasese, ba tcheyamani awo pa khomo, nsapato ngwee.

"Pepani bamai. Koma ng'oma ija mutibwerekeko, chaka chamawa tili nacho chinanso."

Ba Felistus banali kudula repu. Mpeni womwewo banalasa nawo chikumba cha ng'oma, pwee, kung'amba mpaka m'mphepete, n'kuigubuduzira ku mapazi a ba tcheyamani.

"Tengani. Mukaiimike pa mzere."

Manda ali kutsidya kwa boda, bana sibanawaone. Imwe bopemphera, mukagwada musaiwale ba Felistus na bana bawo.