Pakati pa Chitsulo ndi Mkuwa

Ndinadzidzimuka tambala woyamba asanalire, msana uli gwa chifukwa chogona chokhala pa siwa. Inali nyengo ya chisanu, ndipo wodziwa kuzizira kwa ku Domwe safuna kuti ndimufotokozere. Panja abambo anali atazungulira zitsa zamoto, mabulangete kumutu, nyimbo zitawathera. M'nyumba munagona mlongo wanga Filipi, wondipondera pamutu, amene dera lonse linkamutcha aPulofesolo. Chifuwa chinamutenga asanamere imvi.

Ndisabise, ndinkachita naye nsanje, ndipo imfa sinaichotse. Tili ana, ndine ndinkamuwerengera ng'ombe polowa m'khola, iye akungosokoneza. Koma ansembe atabwera kudzafuna ana a sikola, bambo anatumiza iye ku misau, kumene ansembewo ankaphunzitsa, ine n'kundipatsa khasu.

Atabwerako anadza ndi pepala limene wansembe wina anamulola kukopera, lodzaza ndi tizipinda. Ankalitcha tabela. Chinyezi cha kwathu chitayamba kulidya, anandibweretsera matumba awiri a ufa wa tirigu ndi ulusi, nati, "Achemwali, dzanja lanu ndi lowongoka, ndisokereni zimenezi pansalu." Ndinasoka dzinja lathunthu, ndipo sindinkabaya singano asanandiuze chimene ndikusoka. Ndimo ndinadziwira kuti chilichonse, khasu, mchere, mpweya, ngakhale ine ndemwe, n'chomangidwa ndi tinthu tosaoneka totchedwa atomu. Ankati atomu ili ngati mudzi wathu, khola pakati, nyumba mozungulira. Kuchuluka kwa ng'ombe m'kholamo ndiko kumapatsa chinthu chipinda chake pa tabela. Cha ng'ombe imodzi chimakhala koyambirira, chitsulo chili ndi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi. Zotsetsereka mzere umodzi ndi za pfuko limodzi, khalidwe lake limodzinso. Za mzere woyamba n'zaukali, zikagwa m'madzi zimalusa. Za mzere womaliza sizikwatirana ndi chinthu chilichonse. "Amenewa ndi abale anu, achemwali," ankandinyogodola choncho, poti ukwati unali utandikanika kawiri.

Zipinda zingapo anandiuza kuti ndizisiye zopanda kanthu. Eni ake alipo, anatero, kungoti anthu sanawapeze, malo awo aziwadikira. Nsaluyo ankaipachika m'nyumba mwake, nthawi zina n'kupita nayo ku sikola. Anthu ankachoka kutali kudzaona nsalu ya aPulofesolo. Wofunsa kuti anasoka ndani panalibe.

Tsono m'mawa wa tsikulo, kunja kutayamba kuyera, mkazi wake, mlamu wanga, anaichotsa pamsomali n'kuiyala pabokosi. Ndinasendera pafupi. Mayo ine! M'zipinda zonse zopanda kanthu zija munali timitanda ta ulusi wobiriwira, tokhotakhota.

"Mlamu, ichi n'chiyani?"

"Munasiya mipata, mlamu," anandiyankha akusisima. "Ndatseka ife tikuchezera. Sindinafune apite ndi nsalu yosatha, anthu angatiseke."

Zaka khumi wakhala akugona pansi pa nsalu imeneyo, osadziwa ngakhale chipinda chimodzi! Komatu ndi iye amene amayi apamaliro ankamugwirira m'mapewa, ndi iyenso amene ankamupatsa phala. Koma pamaliro sakangana. Mumtima ndinatsimikiza kuti nsaluyo sipita kumanda, ndiipempha, ndikamasule timitandato ndi manja anga.

Ndinatuluka kukathandiza kumoto. Chisanu chinali chitawaula masamba a kachewere m'dimba, ndipo nkhungu inaphimba phiri lonse. Anthu ankangotulukira m'nkhungumo ngati akuchokera pansi. Ena anadza ndi mitolo ya nkhuni, ena malichero a ufa, ena nyemba zomanga pansalu. A ku Lifidzi anafika miyendo ili mbuu, atayenda usiku. A tsidya la malire anabwera panjinga, nazitsamiritsa pankhokwe. Utsi wa nkhuni zonyowa unkatiliza tonse, moti sunkadziwa wolira maliro ndi wolira utsi. Paliponse pamene ndadutsa ndi mtsuko ndinkangomva za nzeru za malemu. Nkhalamba ina inkauza anzake kuti aPulofesolo anatenga dziko lonse n'kuliika pansalu ndi manja awo. Ndinaithira madzi osamba m'manja osaiyang'ana kumaso.

Dzuwa linaboola nkhungu litakwera kale. Adzukulu anatumiza mawu kuti kumanda kwatheka. Akatekisita anatsogola ndi mtanda, kenako bokosi, nsalu yanga ili pamwamba, mphepo ikuipeperutsa m'mbali. Ana a sikola anayenda awiriawiri akuimba. Ife a mbumba tinali pambuyo pa bokosi, ndipo njira yonse maso anga anali pa chipinda cha chitsulo, pamene ndinadzibaya chala n'kusiyapo kadontho ka magazi kamene sikanachoke.

Kumanda, mapemphero atatha, adzukulu atagwira kale zingwe, anaimirira mphunzitsi wina wa ku misau, mnzake wa malemu. Anavula chipewa napempha amalume athu, eni maliro, kuti nsaluyo isakwiriridwe. Anati tabela yonga imeneyo kulibe m'masikola onse a kuno. Akaipachika pakhoma, alembe dzina la malemu pamwamba, kuti anyamata aziphunzirapo mpaka kalekale. Anthu anang'ung'udza movomereza.

Kwathu wolamula katundu wa munthu womwalira si mkazi wake, ndi akuchimuna. Amalume anacheukira kwa ine.

"Nambewe, wamkulu watsala ndiwe. Tiwayankhe chiyani?"

Ndinafuna kunena kuti nsaluyo ndi yanga, ndinasoka ndine, ndipo zipinda zake ndikhoza kuzitchula ndili chitsinzinire. Koma akanakhulupirira ndani? Mkazi wosadziwa kulemba dzina lake, kulimbirana nsalu ndi mtembo! Ndinayang'ana anyamata aja ali ndandanda, miyendo yotuwa, ofanana ndi Filipi tsiku limene ananyamuka kupita ku misau ine ndili ndi khasu paphewa. Dzina la malemu pamwamba. Anyamata.

"Ndi yake," ndinatero. "Apite nayo."

Mphunzitsi uja anayesa kulankhulanso, koma amalume anakweza dzanja. Adzukulu anakulunga bokosi ndi nsaluyo n'kulitsitsa. Dothi lofiira linayamba kugwera pa tizipinda tanga, mzere ndi mzere, mpaka zonse zinabisika. Pobwerera amayi ambiri anandigwira dzanja. Ankati chikondi chotere pa mlongo sanachionepo. Ndinangoti zikomo.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Panatsala maphulusa, mafuwa ndi udzu wopondekapondeka. Mlamu anagona pamphasa atafooka, nkhope kukhoma. Ine ndinakhala pansi moyang'anana ndi msomali uja. Khoma lonse linali lakuda ndi mwaye, kupatula pamene pankakhala nsalu, poyera ngati papakidwa kumene.

Ndinadziuza kuti palibe chatayika, zonse zili m'mutu mwanga, matumba a tirigu sasowa. Ndinatola khala n'kuyamba kujambula tizipinda pansi, ndikutchula chamumtima. Mzere woyamba unatheka, wachiwiri, wachitatu. Ndinafika pa chitsulo. Ndinkadziwa kuti mkuwa uli patsogolo pang'ono, ndipo pakati pake pali zipinda ziwiri. Ndinakumbukira kuti ndinazisoka ndi ulusi wakuda, mvula ikugwa, Filipi akusenda kachewere wootcha n'kumandiseka. Koma maina ake, ngakhale maonekedwe a zilembo zake, ayi ndithu. Ndinabwerera poyambira kawiri, n'kudzaimanso pomwepo.

Ndinatembenukira kumpando wa Filipi, pakamwa nditatsegula kale kuti ndimufunse. Zodziwa zipinda ziwirizo m'dera lathu lonse zinali ziwiri, munthu ndi nsalu. Munthuyo anatengedwa ndi Mulungu. Nsaluyo ndinakwirira ndine.