Kabokosi ka Lerolero m'Furiji ya Alamu

Pa matelala onse a kuseri kwa msika, mayi mmodzi yekha ndiye sankadziwa mawu akuti "mubwere mawa". Ukamusiyira diresi m'mawa, masana unkalitenga. Anthu anangomutcha Lerolero, dzina lake lenileni n'kuiwalika.

Khansa ya m'bere inadziwika itafika kale m'mafupa a msana. Adokotala anamuuza mosabisa kuti mankhwala a m'diripi sadzaichotsa, koma adzaigwira miyendo. Tsitsi litathothoka sanadandaule, anangodzisokera mipango. Chimene chinamupsetsa mtima chinali ulendo wachitatu, pamene namwino anayang'ana pepala la magazi n'kupukusa mutu.

"Mayi, lero sitikuikani diripi. Maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, achepa. Mubwere sabata yamawa."

"Ndatseka shopu, ndakwera mabasi awiri, ndiye ndibwerere chimanjamanja?"

"Tikakupatsani muli chonchi, ngakhale chimfine chikhoza kukugonetsani m'chipatala."

Sabata yotsatira anamubwezanso. Ali m'basi ankangogwiragwira chotupa chimene khansayo inamutulutsa m'khwapa, akuona ngati chakula. Ulendo wina magazi atakwerako, anamuika diripi, ndipo adokotala anamupatsa majakisoni asanu othandiza mafuta a m'mafupa kupanga maselowo msanga. Ankayenera kudzibaya pamimba kamodzi patsiku, ndipo majakisoniwo ankafunika kukhala pozizira.

Kunyumba kwake kunalibe furiji. Anapita kwa mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, amene anali ndi golosale pakona.

"Alamu, kabokosi aka kakhale kuseri kwa zakumwazo masiku asanu okha."

Bamboyo anabweza manja kumbuyo ngati akumupatsira khala lamoto. "Iii alamu, makasitomala akamva kuti muno muli za khansa, adzagula ndani?"

"Khansayo ili mwa ine, osati m'kabokosimu! Malaya mwavalawo ndinasoka ndi manja omwewa. Mwadwala?"

"Si choncho ayi, ndimangoti tiganizire kaye."

Lerolero anatsegula yekha furijiyo, n'kusuntha mabotolo, n'kukankhira kabokosi mkati. Mng'ono wake, amene ankamva zonse ali pakauntala, anamatapo pepala lolembedwa kuti "Osagwira", kenako anayang'anitsitsa mwamuna wakeyo mpaka bamboyo anayamba kupukuta shelefu yoyera kale.

Jakisoniyo naye sanali wamasewera. Chiuno ndi ntchafu zinkaphwanya ngati wina akusinja mafupa, phazi n'kumakana kupalasa makina. Nsalu ya diresi la mkwatibwi wina anaibweza asanaidule n'komwe.

Patapita masabata atatu, namwino anawerenga pepala lija n'kumwetulira.

"Lero zili bwino, mayi. Khalani apo."

"Zili bwino kwa inu," anatero Lerolero akupinda mkono wa bulauzi. "Mafupawa mukanawamva simukanaseka."

Anatambasula dzanja. Namwino anafufuza mtsempha kawiri osaupeza, kachitatu singano inalowa.