Galimoto Imene Mwana Wanga Ankaiwononga Dala

Mwana wanga wachiwiri adayamba kukonda galimoto asanaikwere n'komwe. Kuno kwa Kaphuka anzake akamaumba ng'ombe zadothi, iye ankakhala pambali kupinda mawaya. Atakula adapeza ntchito yoyendetsa kalole ka munthu wina wa ku Chimbiya, kotuta kachewere m'midzi kupita naye ku Lilongwe. Womuthandiza kukweza ndi kutsitsa matumba adali msuweni wake, mwana wa alongo anga amene adakwatira ku Bembeke. Awiriwa sankatha kulonjerana osanyozana.

"Iwe kuyendetsa sudziwa, galimotoyi imangokumvera chisoni," ankatero msuweniyo.

"Ndiye tsika, uyende wapansi ndi matumba akowo."

Tsiku lina, mvula itagwa kuyambira m'mawa, akutsetsereka ndi katundu wodzaza, kalole kaja kadakana kukhota. Kutsogolo kudakhala eni kachewere, choncho msuweniyo adali pamwamba pa matumba. Iye yekha ndiye adamwalira. Mwana wanga adathyoka mwendo, ndipo maliro adaikidwa iye ali m'chipatala.

Kwathu kuno, munthu amene sadakhale nawo pa maliro a mbale wake, akangopeza mphamvu amapita kukakhuza. Akuluakulu amamutenga n'kukamuonetsa pamene mnzakeyo adagona. Asanaone mtumbira ndi maso ake, kwa iye maliro aja amakhala asanathe. Mwana wanga adatuluka m'chipatala, adabwera kudzakhala kwa ine pamodzi ndi mkazi wake ndi adzukulu anga, poti nyumba yalendi ya ku Chimbiya adaisiya. Mwendo udayamba kuponda. Ndi ndodo zakuchipatala ankafika mpaka kudimba. Koma ndikatchula za ku Bembeke ankangoti, "Mwendowu, amayi." Ine ndinkadziwa kuti si mwendo.

Alongo anganso sadatumize mawu, abwino kapena oipa. Apa ndiye pamene padandithera tulo. Paja iwowo ndiwo amalume ake a mwanayu, eni mbumba yathu. Ukwati wake adakauimirira ndiwo. Ana angawa akadwala kapena akalakwa, wowalankhulira ndiwo. Ndidamvanso kuti akakolola amanga chiliza. Chilizacho chikadatsegulidwa mwana wanga asanakaone manda, anthu akadati chibale chatha, ndipo sakadanama. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupa limathyoka, la mwana wanga ndidaliona.

Foni idabwera ndi bambo wina wa Chisilamu wa golosale ku Chimbiya, amene mwana wanga ankamunyamulira katundu pobwera ku Lilongwe. Adafika pa njinga yamoto ndi shuga ndi buledi, n'kutulutsa foni yake yakale.

"Adalaivala, manja angaiwale ntchito. Muli gemu ya mpikisano wa galimoto umu. Muzikumbukirako."

Poyamba ndidakondwa. Pakhonde pamene padali zii padayamba kumveka kulira kwa injini, adzukulu atamuunjirira bambo wawo. Koma patapita masiku ndidaona kuti ana akachoka, iye sathamangitsa galimoto ija kwambiri. Nthawi yaitali inkangoima pagalasi, iye akukankha timizere ndi chala, uku ndi uku. Ine zilembo sindizidziwa, koma nkhope ya mwana wanga ndimaidziwa. Ndidasiya kusankha nyemba n'kukhala pafupi naye.

"Kodi yawonongeka?"

"Ayi, amayi. Kuno ndi ngati kugalaja. Musanathamange mumasintha galimoto mmene mukufunira. Apa ndi matayala. Awa ndi ofewa, amagwira msewu. Awa ndi ouma, pamadzi amaterera. Apa ndi mabuleki, mutha kuwapatsa mphamvu kapena kuwachepetsa. Apa masipuling'i, kuti galimoto ikhale pansi kapena m'mwamba. Apa ndi kulemera kwake, mutha kukukankhira kutsogolo kapena kumbuyo."

Chichokereni m'chipatala adali asanalankhulepo mawu ambiri chotero. Ndidati mwina mankhwala ndi amenewa.

"Ndiye ukuikonza kuti ipambane anzake?"

Adangopitiriza kukankha timizere. Ndidangoyang'ana chala chake. Adasankha matayala oterera aja. Mabuleki adawachepetsa. Galimoto adaikweza m'mwamba, kulemera konse n'kukankhira kumbuyo. Zidali ngati munthu amene posankha mbewu ya kachewere akutaya yabwino n'kumasunga yowola. Kenako adasankha msewu wamvula, wotsetsereka, wokhota kumunsi kwake. Galimoto idatsika, idafika pokhota paja, kumbuyo kudathawa, n'kugubuduka. Adadina, idaimanso pamwamba pa phiri, yopanda chilema. Adatsikanso. Idagwanso.

Msewu umenewo sindidauonepo, koma ndidauzindikira.

"Mwanawe, ukuchita chiyani?"

"Ndikufuna ndidziwe ngati zikadatheka kukhota."

"Ukadziwa utani?"

"Ikangokhota kamodzi kokha, ndiye kuti ndidalephera ndine."

"Nanga ikapitiriza kugwa?"

"Matayala aja ndidawaona m'mawa womwewo kuti adatha, amayi. Ndidanyamukabe."

Ndiye kuti njira zonse ziwiri zinkamufikitsa pa dzenje limodzi. Dzuwa likatuluka ankaika foni pa sola, ikadzaza ankayambanso. Tsiku lina asintha magiya, tsiku lina apungula mpweya m'matayala. Mkazi wake ankati tiibise. Inenso ndidaganizapo zoiponya m'chimbudzi. Koma ndidaona kuti phirilo siliri m'foni mokha, tikaichotsa adzingotsetsereka nalo m'mutu, ife osaona.

Ndidavala chitenje chabwino, ndidakwera kabaza mpaka ku Chimbiya, minibasi mpaka pokhotera ku Bembeke, kotsalako wapansi. Alongo anga ndidawapeza kudimba akuthirira kabichi. Adali ataonda. Ndidawafotokozera zonse mmene ndidathera, za matayala, za timizere, za galimoto yogwa n'kudzukanso. Iwo ankangomvera atagwira khasu. Nditamaliza adati, "Ndamva, achemwali. Pitani kunyumba mukamwe madzi, alamu anu alipo." Basi. Ndidabwerera osadziwa ngati ndakonza kapena ndawononga.

Alongo anga adabwera m'nyengo yozizira, m'mawa wina chifunga chisanachoke m'mapiri. Mwana wanga adali pakhonde atafunda bulangeti, foni ili m'manja. Atawaona adafuna kudzuka, ndodo imodzi idagwa, iye n'kungotsala chogwada. Ndidawapatsa mpando. Tidalonjerana monga mwa masiku onse, kufunsana za kunyumba ndi za chimanga. Za malemu palibe adatchula.

"Amayi ako akuti uli ndi galimoto," adatero alongo anga. "Tandionetsa."

Mwanayo adandiyang'ana ngati ndamupereka kwa apolisi. Komabe adasendera pafupi.

"Ikonze mmene kadaliri kalole kaja tsiku lija."

"Amalume..."

"Ikonze, mphwanga. Aliyense wandiuza zake. Wina akuti unkathamanga, wina akuti mvula. Ndikufuna ndione."

Chala chake ntchitoyo chidali chitaizolowera. Matayala, mabuleki, kulemera. Galimoto idayamba kutsika. Alongo anga adayandikitsa nkhope pagalasi, chipewa chili pabondo. Itagubuduka sadaphethire. Adangoyang'anabe pagalasipo mpaka foni idazima yokha. Ine ndidaweramitsa mutu. Ndinkati tsopano atemberera, kapena adzuka azipita.

"Ndaona," adatero. "Tsono matayala abwino alimo m'menemo?"

"Alimo."

"Amagulitsa bwanji?"

"Sagulitsa, amalume. N'kungosankha."

"Dziko labwino limenelo. Kuno ngakhale chigamba cha njinga sapatsa ulere. Ika abwinowo."

Adaika.

"Mabuleki bwezera. Katunduyo chepetsa, matumba ena atsale, tidzawatenga ulendo wina. Watha? Tsopano yendetsa. Usathamange, sitikupikisana ndi munthu. Msuweni wako ali pamwamba."

Mwana wanga adagwira foni ndi manja awiri monga ankagwirira chiwongolero. Galimoto zina zonse zidamudutsa ngati mphepo, iye osazilabadira. Adatsika pang'onopang'ono. Pofika pokhota paja tonse atatu tidapendekeka matupi, ngati tili m'katimo. Idakhota. Kutsogolo kudali msewu umene mwanayu adali asanaufikepo masiku onse aja, mlatho, mitengo, nyumba zachilendo. Adayendabe mpaka pamene padali mbendera ndi anthu oimirira. Adafika womaliza, anzake onse atafika kalekale.

"Afika?" adafunsa alongo anga.

"Afika, amalume."

"Chabwino."

Adapukuta m'maso ndi chipewa chija. Nkhuku zinkatola nyemba zanga pamphasa, palibe adazithamangitsa. Kenako alongo anga adalankhulanso, akuyang'ana kuphiri.

"Uko afika. Kuno sadafike, ndipo ngakhale usinthe matayala mpaka chala chithe, safika. Sindikuti sudalakwe. Naye mwana uja matayala ankawaona, pamwamba ndidamuletsa, sankamva. Ine ndidakwiya nawe, ndipo mwina mawa ndikwiyanso. Koma ndataya mmodzi. Ukufuna nditaye awiri? Vala nsapato. Manda ndikakuonetsa ndekha."

Tidanyamuka tsiku lomwelo. M'minibasi mwana wanga adatseka maso njira yonse, atagwira mpando wakutsogolo. Alamu anga, mayi wa malemu, atamuona adalira kwambiri, ndipo sadamupatse moni. Sindidawadandaule. Titapempha kwa eni manda tidalowa, alongo anga patsogolo, iye pakati ndi ndodo zake, ine m'mbuyo ndi kolona. Mtumbira udali utamera kale udzu, njerwa za chiliza zitaunjikidwa pambali.

"Ndi apa," adatero amalume ake.

Mwana wanga adaima pafupi ndi mtumbirawo. Ndinkayembekeza kuti apemphera, koma adati, "Iwe, paja unkati kuyendetsa sindidziwa." Adakhala pansi pa udzu wonyowa n'kulira maliro amene ife tonse tidali titalira kale. Tidamusiya alire. Pobwerera alamu anga adali atatenthetsa madzi osamba m'manja, ndipo beseni adayamba kupatsa iye.

Pomanga chiliza iye ndiye ankapatsira njerwa, atakhala pampando. Tsiku lotsegula, Misa itatha, adaima pambali pa amalume ake.

Galimoto yeniyeni sadayendetsenso mpaka lero. Amagulitsa kachewere ndi tomato m'mbali mwa msewu ku Chimbiya. Amene amagulitsa naye amati lole ikaima, iye asanafunse ngati akugula amayamba wazungulira kuyang'ana matayala, ndipo madalaivala ena amamutukwana nazo. Foni ija idakalipo, galasi lake lidasweka pakona. Adzukulu anga ndiwo amalimbirana. Akagonja amathamangira kwa bambo wawo kuti awakonzere galimoto, iye n'kuwakankhira timizere tija, akuwakalipira kuti amaponda mafuta pokhota. Ngati amabwererabe ku msewu wamvula uja akakhala yekha, kaya. Sindimufunsa.